Mayeso akangoti zii: kuimitsa mayeso a pulogalamu amene akakamira

Mayeso a pulogalamu akalephera, mutu suwawa kwenikweni. Makina amakuuzani kuti pamzere wakuti, mufayilo yakuti, patuluka 4 pomwe pamayenera kutuluka 5. Mumakonza, n'kupitiriza ntchito. Otopetsa ndi mayeso amene salephera komanso sapambana. Amangoti zii. Kachizindikiro kakungozungulira pa sikirini, mzere womaliza mu log, momwe makina amalemba zimene akuchita, unalembedwa mphindi 40 zapitazo, ndipo palibe amene angakuuzeni ngati ntchitoyo ikukwawa pang'onopang'ono kapena inafa kalekale ili chiimire.

Ndikunena za mayeso odziyendera okha, aja amene olemba mapulogalamu amakonza kuti kompyuta iziyesa code nthawi iliyonse wina akasinthamo kanthu. Ambiri masiku ano amayendera pa makina a CI, oyesa code okha ikangosinthidwa, monga GitHub Actions, GitLab CI kapena Jenkins, kumene kulibe munthu wokhala pafupi woti n'kudina batani loimitsira. Pa GitHub Actions, ntchito imene simunaiikire malire imatha kuyenda mphindi 360, ndiye kuti maola 6 athunthu, isanadulidwe. Pa GitLab malire oyambira ndi ola limodzi. Nthawi yonseyo makina ndi otanganidwa, ntchito za anzanu zili pamzere, ndipo ngati mumalipira potengera mphindi, ndalama zikungotuluka.

Mankhwala ake dzina lake ndi lodziwika: timeout, malire a nthawi amene akakwana ntchito imadulidwa. Kulemba nambalayo ndi nkhani ya mzere umodzi. Koma timeout imene imangodula basi, osasiya umboni wa pamene pulogalamu inakakamira, yangokupulumutsirani maola a lero. Mawa vutolo lidzabweranso, inu muli m'chimbulimbuli ngati dzulo.

Tiyambe ndi chifukwa chimene timadalira wotchi poyambirira. Mu 1936 Alan Turing anasonyeza kuti sipangakhale njira imodzi yoyang'ana pulogalamu ina iliyonse n'kunena motsimikiza ngati idzamaliza kapena idzayenda mpaka kalekale. Zili ngati mwana amene mwamutuma kuchigayo: dzuwa likamapendeka iye osabwera, inu muli kunyumba simungadziwe ngati ali pamzere wautali, ngati magetsi athima, kapena ngati wapatukira kumpira n'kuiwala thumba. Mumangosankha nthawi yoti ikakwana munyamuke kukamuyang'ana. Timeout ndi chiganizo cha munthu chotere. Siichokera ku lamulo la masamu, n'chifukwa chake zida zoyesera zimasiyana kwambiri pa nambalayi. Mocha imapatsa test iliyonse masekondi 2, Jest masekondi 5, Playwright masekondi 30. Lamulo la go test limadikira mphindi 10 pa package yonse. Bazel imakufunsani kukula kwa test, n'kupereka masekondi 60 kwa yaing'ono, 300 kwa yapakati, 900 kwa yaikulu ndi 3600 kwa yaikulu kopambana. Koma pytest ndi JUnit, mukangoziika osasintha kanthu, zilibe malire alionse. Zidzadikira mpaka wina adzatope.

Nanga n'chiyani chimakakamiza mayeso? Ambiri amathamangira kuganiza za loop yosatha, code yobwerezabwereza ija imene inaiwala khomo lotulukira. Imeneyo ilipo ndithu, koma ndi yosavuta kuizindikira chifukwa CPU imakhala pa 100% ikubangula. Zambiri zimene ine ndakumana nazo zinali za mtundu wina: pulogalamu sikuchita kalikonse, ikungodikira chinthu chimene sichidzabwera.

Choyamba pa zodikiridwazi ndi netiweki. Laibulale ya requests ya Python, imene pafupifupi aliyense amagwiritsa ntchito, ilibe timeout pokhapokha inu muiike. Nayo http.Client ya Go mukaisiya mmene inabadwira ilibe malire a nthawi yodikira yankho. Seva ikakana kulumikizana, cholakwika chimaoneka nthawi yomweyo. Koma ikavomera kulumikizana kenako n'kungokhala chete, pulogalamu yanu imakhala duu, kudikira yankho.

Palinso funso limene palibe woliyankha. Pa kompyuta yanu, git ikafuna password imakufunsani, mumalemba, ntchito imapitirira, ndipo mumaiwala kuti munafunsidwapo kanthu. Pa CI funso lomwelo likhoza kufunsidwa m'chipinda chopanda munthu. N'chifukwa chake anthu amalemba apt-get -y, amaika DEBIAN_FRONTEND=noninteractive kapena GIT_TERMINAL_PROMPT=0, kuti chida chilephere poyera m'malo modikira. Chimodzimodzi chida choyesera chikatsegulidwa mu watch mode, chimamaliza mayeso onse bwinobwino kenako n'kukhala pansi kudikira kuti wina asinthe fayilo.

Deadlock ndiyo imafuna kuifotokoza modekha. Tiyerekeze azimayi awiri akufuna kusinja chimanga, koma pakhomopo pali mtondo umodzi ndi munsi umodzi. Wina wagwira mtondo, akudikira munsi. Mnzake wagwira munsi, akudikira mtondo. Aliyense sakufuna kusiya chimene wagwira asanalandire chinacho. Palibe amene walakwa payekha, koma chimanga sichisinjidwa. Ma thread awiri (timagawo ta pulogalamu toyenda nthawi imodzi) akagwira ma lock awiri (maloko oletsa ena kugwiritsa ntchito chinthu) motsatana mosiyana, zimachitika ndi zomwezi, ndipo choipa n'chakuti zimadalira kuti ndani wafika poyamba. Mayeso amatha kudutsa kambirimbiri, kenako tsiku limene makina alemedwa n'kukakamira.

Mtundu wina wa deadlock umabisala mu database. PostgreSQL imadziwa kuzindikira ma transaction awiri (magulu a zosintha zoyenera kuchitika pamodzi) amene akudikirana, ndipo imapha imodzi. Koma taganizirani test imene yatsegula transaction pa connection yoyamba, yasintha mzere wina m'tebulo, kenako isanatseke yaitana code imene ikutsegula connection yachiwiri kuti isinthe mzere womwewo. Yachiwiri ikudikira kuti yoyamba imalize. Yoyamba singamalize chifukwa test ikudikira yachiwiri. Kwa PostgreSQL palibe chodabwitsa apa: ikuona connection imodzi ikudikira lock, inayo yangokhala. Theka la mfundoyo lili kunja kwa database, kumene iyo siiona. Pokhapokha mutaika lock_timeout kapena statement_timeout, zidzakhala choncho mpaka wina adzadule.

Ndipo pali kamsampha ka paipi, kamene kamagwira ngakhale akatswiri. Test yayambitsa pulogalamu ina n'kulumikiza zotuluka zake ku pipe, kenako ikudikira kuti pulogalamuyo imalize isanawerenge. Pa Linux, pipe nthawi zambiri imasunga 64 KiB basi. Ikadzaza, wolembayo amaima kudikira kuti wina awerenge, pamene wowerengayo akudikira kuti wolembayo amalize. Kwa miyezi zonse zimayenda bwino chifukwa zotuluka zinali zochepa. Tsiku lina munthu waonjezera mizere ingapo ya log, paipi yadzaza, zonse zii. Mu Python, communicate() inapangidwira zimenezi, chifukwa imawerenga ikudikira.

Tsopano tifike pa kuimitsa kwenikweniko, pamene anthu ambiri amadabwa. Amaganiza kuti akalemba timeout ya masekondi 5, pa sekondi yachisanu test idzaima. Si nthawi zonse. Kuimitsa code imene ikuyenda kuli pawiri: kuipempha kuti iime, kapena kuigwetsa mokakamiza. M'kati mwa process imodzi, ndiye kuti pulogalamu imodzi imene ikuyenda, pafupifupi zonse ndi kupempha.

Onani JavaScript. Wotchi ya Jest kapena Mocha imayendera pa event loop yomweyo imene test yanu ikugwiritsa ntchito, mzere umodzi umene ntchito zonse zimadikirapo mpata. Ngati test ikudikira promise (lonjezo la yankho lobwera pambuyo pake) imene sidzakwaniritsidwa, event loop ili ndi mpata, wotchi imalira, test imalembedwa kuti yalephera. Koma ngati test yalowa mu while (true), yagwira thread yonse. Wotchiyo sipeza mpata wolira. Mlonda mwamutsekera m'nyumba momwemo muli wakuba.

Ku Java nkhani yake ndi ya mbiri yaitali. Kale kunali Thread.stop(), imene inkagwetsa thread paliponse pamene yafika. Anaiona kuti ndi yoopsa, chifukwa thread ikafa ili pakati posintha zinthu imasiya data yosokonekera kwa ma thread ena. Anachenjeza anthu kuti asiye kuigwiritsa ntchito kuyambira Java 1.2, ndipo mu Java 20 inasiyiratu kugwira ntchito, imangoponya cholakwika. Chotsala ndi interrupt, kumene ndi kugogoda pachitseko: code imene ili pa sleep kapena wait imamva, koma loop imene siyang'ana ngati yagogodedwa imapitiriza ngati palibe chachitika. Mu JUnit 5 muli zinthu ziwiri zofanana maina zimene zimasokoneza anthu. assertTimeout imalola code imalize kaye, kenako n'kukuuzani kuti yachedwa, ndiye ngati yakakamira simudzamva kanthu. assertTimeoutPreemptively imayendetsa code pa thread ina n'kusiya kuidikira nthawi ikakwana. Yachiwiriyi imaoneka yabwino, koma walira mvula walira matope: zinthu zomangiriridwa ku thread, monga transaction imene Spring imatsegula kuti idzaibweze test ikatha, sizitsatira ku thread yatsopanoyo. Zimene munkaganiza kuti zidzafufutidwa zikhoza kutsalira mu database.

Ku Python, pytest-timeout ili ndi njira ziwiri. Ya signal imagwiritsa ntchito SIGALRM, belu limene operating system imaliza nthawi ikakwana, kudzutsa test yokakamira, n'kuilemba kuti yalephera, mayeso ena n'kupitirira. Ndi yaulemu, koma SIGALRM kulibe pa Windows, ndipo Python imasamalira signal pa thread yaikulu yokha, pamene yabwerera kuchokera ku code ya C. Ikakakamira m'kati mwa laibulale ya C imene sibwerera, belu limalira popanda womva. Njira ya thread ndi yankhanza: nthawi ikakwana imalemba pamene thread iliyonse yaima, kenako imagwetsa process yonse. Mayeso otsala sayenda, fixture (code yokonzera test malo) sizikonza pambuyo pake, lipoti la zotsatira mwina silituluka. Koma imagwira ntchito pamene yaulemu ija yalephera.

Apa mfundo yake yaonekera: malire odalirika ndi process, osati thread. Process ndiyo imene operating system ingaiphe kuchokera kunja popanda kuipempha. Pa Linux chida chake chili kale mu GNU coreutils. Mukalemba timeout -k 30s 15m pytest, pakatha mphindi 15 chimatumiza SIGTERM, signal nambala 15, imene ndi pempho loti pulogalamu ilongedze katundu ituluke. Ikapanda kumvera kwa masekondi 30, chimatumiza SIGKILL, nambala 9, imene palibe pulogalamu ingaikane kapena kuigwira. Docker imachita chimodzimodzi pa docker stop, ndipo imadikira masekondi 10 pakati pa ziwirizo. Ndi bwino kuloweza manambala otulukira: 124 ndiye kuti timeout yadula, 143 ndi 128 kuphatikiza 15, 137 ndi 128 kuphatikiza 9. Koma chenjerani ndi 137. Ndi nambala yomweyo imene mumaona Linux ikapha process chifukwa memory yatha, ndipo ndaonapo anthu akuonjezera nthawi mobwerezabwereza pa vuto limene silinali la nthawi n'komwe.

Kupha process imodzi sikutanthauza kuti ana ake afa. Mayeso a masiku ano amayambitsa browser, seva yoyeserera, mwina database yonse. Kholo likafa, anawo amatsala amasiye akuyendabe. Lamulo la timeout limayesetsa: limapanga process group yakeyake n'kutumiza signal ku gulu lonse. Koma mwana amene anadzipatula n'kuyamba session yake amapulumuka. N'chifukwa chake kuyendetsa mayeso mu container, kabokosi kopatula pulogalamu monga ka Docker, kumathandiza, popeza process yoyamba ya mu container ikafa, zonse za m'katimo zimapita nayo. Pa Windows ntchito imeneyi imagwiridwa ndi Job Object. Ndipo ngati process yakakamira m'kati mwa kernel, imene ps imailemba ndi chilembo D, monga podikira disk ya pa netiweki imene yasowa, nayo SIGKILL ikhoza kungodikira pakhomo.

Tibwerere ku umboni, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Process ikangofa, zonse zimene zikanakuuzani chimene chinachitika zimafa nayo. Mphindi yofunika kwambiri ndi imene yatsala pang'ono kudulidwa. Pa zimenezi ndimaipatsa ulemu Go. Mphindi 10 zija zikakwana, go test simangofa mwakachetechete. Imalemba kuti test timed out after 10m0s, kenako n'kutsanulira pansi goroutine iliyonse (kantchito koyenda pakokha mu Go), mzere umene yaima, chimene ikudikira, ndiponso kwa mphindi zingati. Nthawi zambiri mukawerenga mizere yochepa mumaona wagwira mtondo ndi wagwira munsi.

Zinenero zina nazo zili ndi njira, kungoti muyenera kuitsegula nokha. JVM, imene imayendetsa mapulogalamu a Java, ikalandira SIGQUIT, kudzera pa kill -3, imalemba thread dump yonse, mndandanda wa pamene thread iliyonse yaima, popanda kufa, ndipo ikapeza deadlock pakati pa ma lock a Java imanena poyera. jstack imachita zomwezo kuchokera kunja. Python ili ndi faulthandler kuyambira 3.3, ndipo pytest ili ndi faulthandler_timeout imene imalemba pamene ma thread aima test ikadutsa nthawi. Chida cha py-spy chimatha kusuzumira mu process imene ikuyenda osaiimitsa. Pa mayeso a browser, chithunzi cha sikirini panthawi yodulayo chimaposa mizere zana ya log, chifukwa mwina mungopeza kuti kabokosi kofunsa za ma cookie kanaphimba batani limene test inkadikira. Dongosolo lake likhale lotere: jambulani kaye, pemphani, kenako iphani.

Zimenezi zimatheka pokhapokha malire atasanjidwa ngati mapoto olowetsana, laling'ono m'kati mwa lalikulu. M'kati kwenikweni muli timeout ya ntchito imodzi, monga kuitana seva kapena kudikira lock, ya masekondi ochepa. Imeneyi ndiyo imapereka uthenga womveka kwambiri, wotchula dzina la chinthu chimene sichinayankhe. Kunja kwake kuli ya test imodzi, kenako ya mayeso onse, ndipo kunja kwenikweni kuli malire a CI, monga timeout-minutes ya GitHub Actions. Lamulo ndi lakuti yam'kati ilire yakunja isanalire. Zikasinthana, zonse zimene mwakonza zija zapita pachabe. Ndinaonapo pulojekiti imene CI inkadula pa mphindi 10 pomwe go test nayo inali pa mphindi 10 zake zija. Popeza wotchi ya CI imayamba kuwerenga msanga, nthawi yokopera code ndi kuimanga, inkafika poyamba nthawi zonse. Go sinkapeza mpata wolemba ma goroutine ake. Anthu ankangoona uthenga woti ntchito yadulidwa, n'kudinanso batani loyambiranso. Atangotsitsa ya Go kufika pa mphindi 5, chifukwa chake chinaoneka tsiku lomwelo.

Palinso wotchi ya mtundu wina, yosawerenga nthawi yonse koma nthawi ya chete. Travis CI imadula ntchito imene yakhala mphindi 10 osalemba kanthu, ndipo CircleCI ili ndi no_output_timeout imene nayo imayambira pa mphindi 10. Nzeru yake ndi yabwino, popeza ntchito yaitali imene ikulankhula ili moyo. Koma imanamizika mbali zonse ziwiri. Loop yosatha imene ikulemba log imaoneka yamoyo. Ndipo Python, ikaona kuti sikulembera pa terminal, imasunga zotuluka n'kuzitulutsa pakamodzi, ndiye ntchito yathanzi imaoneka yakufa, kapena mzere womaliza mu log umaloza test yolakwika. PYTHONUNBUFFERED=1 imathetsa zimenezo.

Za nambala yoyenera sindichulutsa mawu. Yezani nthawi imene mayeso amatenga pa makina a CI, osati pa laputopu yanu, pa tsiku limene makinawo alemedwa, kenako perekani mpata wokwanira, kangapo kuposa pamenepo. Timeout yothina imabala mayeso a lero adutsa mawa alephera, ndipo anthu akazolowera zimenezo amasiya kukhulupirira chizindikiro chofiira. Musagwiritsenso ntchito timeout poyesa liwiro la pulogalamu. Limenelo ndi funso lina lofuna zida zina. Ndipo pamene mukufufuza ndi debugger, chida choimitsira code mzere ndi mzere, wotchi isakuduleni muli pakati poganiza: pytest-timeout imayesa kuzindikira debugger n'kudzithimitsa, ndipo JUnit ili ndi disabled_on_debug.

Chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi choonjezera nambala nthawi iliyonse test ikadulidwa. Test imene imatha m'masekondi 3 masiku onse, lero n'kudutsa 60, siinachedwe. Yakakamira. Kuipatsa 120 n'kungochedwetsa uthenga womwewo. Chimodzimodzi kuiyendetsanso yokha katatu mpaka idutse: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Deadlock imene imagwira test kamodzi pakanthawi ndi yomweyo imene idzagwire pulogalamu pamaso pa makasitomala, kumene kulibe batani loyambiranso. Nayo --forceExit ya Jest, imene imaikakamiza kutuluka mayeso akatha, ndi ya gulu lomweli. Jest ikadandaula kuti siinatuluke patatha sekondi imodzi mayeso atatha, ikunena kuti pali connection kapena timer imene wina sanatseke, ndipo --detectOpenHandles ndiyo imathandiza kuipeza.

Chotsala ndi zinyalala. Mayeso ophedwa ndi SIGKILL sasesa pabwalo. Fayilo ya lock imatsala pa disk, seva yamasiye imagwirabe port yake (khomo la nambala lolumikizira pa netiweki), mizere yoyeserera imatsalira m'tebulo. Pa makina amene amapangidwa atsopano pa ntchito iliyonse, monga amene GitHub imapereka, zimenezi zimafafanizika zokha. Pa makina anuanu a Jenkins amene amakhala miyezi osazimitsidwa, mayeso otsatira amafika n'kupeza port 8080 ili ndi mwini wake, amalumikizana ndi seva yadzulo ija imene inakakamira, n'kuyamba kudikira yankho. Choncho kusesa kuikidwe pawiri: pamapeto, mu gawo limene limayenda zivute zitani, monga if: always() pa GitHub Actions kapena post ndi always pa Jenkins, komanso poyambira, test yoyamba isanayende, kuti ntchito iliyonse iziyamba yaona ngati port ili yopanda mwini ndiponso ngati fayilo ya lock yadzulo yachotsedwa.